Wonunkhiza Zigubu

Pali ntchito zina zoti ukamazifotokoza anthu amayesa ukuwapusitsa. Ya mayi awa inali yonunkhiza zigubu. Inde, kununkhiza ndi mphuno yomweyi. Ankagwira pa fakitale ina yaing'ono yothira madzi akumwa m'zigubu zikuluzikulu za pulasitiki zija, zimene mumaziona zitazondotsedwa pa makina m'maofesi ndi m'nyumba za anthu osakhulupirira madzi a pampopi. Madzi akatha, lole inkakatolera zigubu zopanda kanthu n'kubwera nazo kuti zitsukidwe, zithiridwenso ena. Koma chigubu chisanalowe m'makina otsukira chinkayenera kudutsa kaye pamphuno pa mayiwa. N'chifukwa chake pafakitale ponse, kuyambira mlonda mpaka abwana, palibe ankawatchula dzina lina koma Amphuno.

Musaseke, ntchitoyo inali ndi mutu. Anthu ndi anthu, chigubu chikatha madzi sachisiya chabe. Wina asungiramo parafini, wina petulo wa jenereta, wina asungunuliramo mankhwala opopera m'munda, kenako atsukuluza pang'ono n'kuchibweza nkhope ili gwa ngati palibe chachitika. Makina otsukira amapha tizilombo toyambitsa matenda, pamenepo palibe mlandu. Koma parafini ndi mankhwala a m'munda amalowerera m'pulasitiki mwenimwenimo, ndipo ungatsuke mpaka manja atupe, amadzatulukabe pang'onopang'ono m'madzi amene munthu akumwa. Ku labu ya fakitale ankayeza madzi tsiku ndi tsiku, koma ankatapa m'zigubu zochepa chabe, ndipo chimene ankasakasaka kwambiri ndi tizilombo. Zigubu zonse, chimodzichimodzi, woyeza wake anali Amphuno basi.

Mphunoyo anabadwa nayo, ndipo paubwana inkangowaputira mikwapulo. Mlendo akafika pakhomo, iwo ankamuuza poyera chimene wadya m'njira. Bambo awo akamakana kuti sanadutsire kumowa, kamwana kankayankha kali kuseri kwa chitseko, mayi awo n'kukatsina khutu. Sukulu sanapite nayo patali. Anachapako zovala m'nyumba yogona alendo, anagulitsako sopo, kenako anapeza ntchito ya tsache pafakitalepo. Madala amene ankanunkhiza zigubu atapuma pantchito, kapitawo anafunsa ngati alipo wofuna malowo, ndipo onse anayang'ana kumbali poopa kusekedwa. Iwo anaika tsache pansi n'kukweza dzanja. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi makaniko wina wa pa galaja. Abale atadabwa kuti munthu wamphuno yotero angagone bwanji pafupi ndi girisi, anawayankha kuti bola mwamuna wonunkha kumene wachokera, sangakunamize.

Kuwaona akugwira ntchito kunali kokoma. Ankakumbatira chigubu ngati mwana, kuchifinya pang'ono m'mbali kuti mpweya wam'kati utuluke, mphuno pakamwa pake, maso tsinzi. Chabwino chinkapita kumanja, kwa mayi wina wachitsikana woika zigubu m'makina, amene anzake ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake panalibe chozimitsira. Choipa chinkapita kumanzere, ndipo ankachiboola okha ndi mpeni kuti chisadzabwerenso. Anali ndi malamulo awo. M'mawa sankadya anyezi kapena adyo, mafuta onunkhira sankadzola, ndipo tsiku limene Wailesi anabwera atadzithira perefyumu ya chibwenzi chatsopano anamubweza kukasamba pampopi wa kuseri. Kunyada ankanyada ndithu, tisabise. Akamayenda m'tauni n'kuona chigubu cha kuntchito kwawo pa zenera la ofesi, ankachigwedezera mutu ngati mnzawo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Nyengo ina yozizira kunagwa chimfine chachikulu chimene chinagwetsa anthu ambiri, ndipo Amphuno nawo chinawagoneka. Atadzuka, thupi linabwerera, chilakolako cha chakudya chinabwerera pang'ono, koma m'mawa wa tsiku lobwerera kuntchito mkaka unapserera pamoto iwo ali pomwepo, akusita yunifomu. Anazindikira ataona utsi. Anaima kakasi, kenako anayamba kuyendayenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Anatsegula chitini cha polishi wa nsapato, zii. Botolo la parafini, zii. Anatenga ovolosi ya amuna awo pa msomali n'kukwiriramo nkhope yonse. Inali nsalu chabe.

M'njira yonse ankakonza mawu oti akauze kapitawo. Koma atangolowa pageti, kapitawoyo anawathamangira manja ali m'mwamba. Anati zigubu zaunjikana mpaka kudenga, anthu amene anayesa kugwirizira malowo angodwala mutu, Mulungu adalitse tsiku limene mphuno yabwerera. Wailesi anawaombera m'manja n'kuwapukutira mpando. Munthu atakulandira chotero, ungayambire pati? Anadziuza kuti ndi zotsalira za chimfine, mawa kucha mphuno zitatseguka. Anakumbatira chigubu choyamba, anachifinya, anatsinzina, sanamve kanthu, ndipo anachipereka kumanja.

Mawa lake sizinatseguke, ngakhale mkuja. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwambiwo ankaudziwa bwino, ndipo ankadzinenera okha mumtima uku manja akupereka zigubu. Chimene chinkawatseka pakamwa si kuopa kuchotsedwa ntchito, chifukwa abwana sanali ankhanza, akanawabwezera ku tsache. Tsachelo ndiye linali vuto. Zaka zonsezi munthu wakhala ukudziwika ndi chinthu chimodzi, mpaka dzina la makolo anthu analiiwala, ndiye chinthucho chichoke, atsala ndani? Mayi wokalamba wosesa m'makona, ana atsopano pantchito akufunsana kuti dzina lachilendoli analitenga kuti. Zimenezo zinkawavutitsa. Akaganizanso za anthu amene akumwa madziwo, ankavutika koposa.

Ndiye anayamba nzeru za wosowa. Chigubu chilichonse ankachikweza pa kuwala kwa zenera kufunafuna banga kapena utoto. Ankalowetsa chala pakhosi pake kuti amve ngati mukuterera. Ankapanikiza dalaivala wa lole ndi mafunso, ichi mwatenga kuti, icho chinali pafupi ndi galaja kapena sitolo ya mbewu, mpaka dalaivalayo anayamba kuwazemba. Chikawakayikitsa pang'ono, mpeni. Mulu wa kumanzere unakula kuposa kale lonse, ndipo kapitawo anabwera akukanda m'mutu. Sanakalipe, anangoti abwana akufunsa ngati tauni yonse yayamba kugulitsa parafini, chifukwa zigubu zatsopano sizimera m'munda. Amphuno anayankha mwaukali kuti mphuno ndi yawo, wofuna abwere adzanunkhize yekha. Koma kuyambira tsikulo mpeni anaugwira mochepa, ndipo zambiri zinapita kumanja.

Mpando umene Wailesi anawapukutira uja sanaukhalenso bwino. Ankangodzuka, kukhala, kudzukanso. Nthawi yopuma anzawo akamamwa tiyi pansi pa mtengo, iwo ankazungulira bwalo la fakitale manja ali kumbuyo, kukafika kugeti, kubwerera, kukasuzumira m'chipinda chothirira madzi kumene zigubu zinkatuluka zitatsekedwa bwino, zonyezimira, zosalakwa m'maso. Lole ikamatuluka ankaiperekeza ndi maso mpaka ikhote. Mlonda anawafunsa ngati akudikira munthu.

Kenako anatulukira chinthu chimene munthu wanzeru zake sakanachita. Lilime linali likugwirabe pang'ono, kuwawa ndi mchere linkamva. Chigubu chikawavuta, ankapita nacho kuseri kwa mulu, kuthiramo timadzi, kukhutchumula, n'kulawa. Ankalavula, inde, koma si zonse zimalavulika. Milomo inayamba kusweka, pakhosi pankakanda, ndipo masana ena ankatuluka thukuta lozizira. Choipa kwambiri n'chakuti lilime si mphuno. Nthawi zambiri linkangowauza kuti awa ndi madzi, n'kuwasiya pomwe anali.

Woyamba kudziwa anali amuna awo. Madzulo ena anabwera atadzikhuthulira petulo pa malaya, fungo loti ngakhale oyandikana nawo anatseka zenera. Anaima pakhomo kudikira kukalipiridwa monga mwa masiku onse, chifukwa lamulo la pakhomopo linali loti zovala za kugalaja zimavulidwira panja. Mkazi wawo anangowalandira chikwama n'kuwafunsa za tsiku. Bamboyo analowa, anakhala pampando wabwino wa pabalaza ndi malaya omwewo, akuwayang'anitsitsa. Palibe chinachitika.

"Mayi, mphuno yapita eti?"

Amphuno anafuna kukana, koma anangokhala pansi mbale ili m'manja. Anafotokoza zonse, za mkaka, za mulu wa kumanzere, mpaka za kulawa. Pa za kulawazo bamboyo anadzuka. Anali munthu wosachedwa kuseka koma tsikulo sanaseke. Anati iye kugalaja sabweza galimoto kwa mwini wake mabuleki asakugwira, ngakhale mwiniyo alire bwanji, ndipo anawakumbutsa kuti manyazi adapha lambe. Anati akapanda kunena okha, iye apita kukanena. Amphuno anamugwira mkono n'kupempha kuti awapatse mpata pang'ono, ayese mankhwala kaye. Bamboyo anavomera, ndipo si kuti anavomera chifukwa chokhutira, koma chifukwa pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanawaonepo akupempha chinthu chotero.

Anayesa zonse zimene anthu amanena. Anafukiza nthunzi atafunda bulangeti, anatafuna jinja mpaka misozi, ananunkhiza ndimu m'mawa uliwonse. Wogulitsa mankhwala anawauza zoona zake, kuti kwa ena fungo limabwerera msanga, kwa ena limachedwa, ndipo kwa ena silibwerera n'komwe. Iwo anagwira mawu oyambawo n'kutaya enawo. Tsiku lina anaganiza kuti amva fungo la utsi, mtima unagunda ndi chimwemwe, koma atafunsa mozungulira anapeza kuti palibe chimene chikupsa paliponse. Mphunoyo inali itayamba kuwanamiza kumene.

Pafakitalepo panali mtsikana wa ku labu, wofatsa, wovala chovala choyera chomukulira m'mapewa. Ankawalemekeza Amphuno kwambiri, ndipo akamadutsa ndi timabotolo take ankaima kuwapatsa moni. Tsiku lina anawauza mokondwa kuti timbale take tomeretsera tizilombo takhala toyera nyengo yonseyi, palibe chamera. Kenako anawonjezera, akuseka, kuti iye amagona tulo tabwino chifukwa mbali ya tizilombo ndi yake, ndipo mbali ya mafuta ndi mankhwala ili m'manja mwa amayi. Amphuno anamwetulira, milomo yosweka ija n'kuwawa. Mtsikanayo atachoka, anaboola zigubu zingapo zimene mwina zinalibe mlandu uliwonse.

Tsiku lenilenilo linafika lopanda chizindikiro. Kunali m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono, makina akulira, Wailesi ali pakati pa nkhani ya mlamu wake amene anagula firiji asanalumikize magetsi. Dalaivala anali atangotsitsa katundu ndipo anaima pakhomo akupukuta khosi. Panabwera chigubu chooneka chatsopano, chopanda banga, chopanda kukandika, choti ukanachiika pa chithunzi chotsatsira malonda. Amphuno anachikumbatira, anachifinya, anatsinzina. Anachikweza pa zenera, choyera. Analowetsa chala, chouma. Anachipereka kumanja.

Wailesi anachilandira akuyankhulabe, anachizondotsa kuti achiike m'makina, ndipo mawu anamuthera pakati pa chiganizo. Anachiika pansi msangamsanga n'kubwerera m'mbuyo akutsokomola. Dalaivala pakhomo paja anakweza kolala ya malaya kutseka mphuno. Mnyamata wothira madzi m'chipinda china anasuzumira kufunsa kuti ndani wabweretsa mankhwala a m'munda muno. Chipinda chonse chinali chitadzaza fungo, ndipo pakati pake panakhala Amphuno, manja atatambasula kale kulandira chigubu china.

Wailesi anawayang'ana, misozi ya chifuwa ili m'maso, kenako anaphulika kuseka. "Amphuno inu, mukundiyesa eti? Mukufuna muone ngati ndili maso?"

Khomo lothawira linali limenelo, lotsegula bwinobwino. Dalaivala anali atayamba kale kuseka nawo. Amphuno akanangoti inde, ndimafuna ndikuone iwe wolongolola, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo masana akanaifotokoza pansi pa mtengo ngati nthabwala ya chaka. Pakamwa panatseguka ndithu kuti anene zimenezo. Koma maso awo anagwera pa chigubu chija, choyera, chokongola, ndipo anaona kuti chikanakhala chotsukuluzidwa bwino pang'ono, Wailesi sakanamva kanthu. Chikanalowa m'makina, chikanatuluka chonyezimira, chikanakwera lole. Ndipo zinzake zotsukuluzidwa bwino zinali zingati zimene zinadutsa kale?

Anadzuka, anachinyamula, anaika mphuno pakamwa pake anthu onse akuona, n'kukoka mpweya wautali mpaka chifuwa chinawawa. Anachiika pansi bwinobwino.

"Iwe, ukumva chiyani m'menemu? Ndiuze. Ine sindikumva kanthu."

Kuseka kunazima. Wina anakazimitsa makina. Wailesi anatuluka msangamsanga. Anaitana kapitawo, kapitawo anaitana mtsikana wa ku labu. Mtsikanayo anafika, anamva fungo ali pakhomo, anayang'ana chigubu, anayang'ana Amphuno. Anawagwira dzanja n'kupita nawo pakona, kutali ndi makutu a anthu, ndipo anawafunsa motsitsa mawu funso limodzi lokha.

"Amayi, kuyambira liti?"

"Chibwerere ku chimfine chija."

Nthawi imeneyo kuzizira kunali kutatha kalekale, anthu akudandaula za kutentha. Amphuno anamuona mtsikanayo akuwerengera m'mutu, ndipo anaona nkhope yake ikusintha. Kenako anathamanga, chovala choyera chikuuluka, kukaimitsa lole ina ya zigubu zodzaza imene inali itayamba kale kulira pageti. Ya tsikulo anaigwira. Anatsitsa zonse, anayamba kuimba mafoni, abwana anatuluka mu ofesi. Koma za dzulo zinali m'maofesi a anthu, za sabata yatha zinamwedwa, ndipo zina zinapita, kubwera, kudutsanso pamphuno yakufayo n'kupitanso. Mtsikanayo ananena kuti atolera zimene angathe n'kutumiza madzi ku labu yaikulu yoyeza mankhwala, koma zotsatira zimatenga nthawi, ndipo madzi amene munthu wamwa kale sungawayeze.

Kapitawo sanawakalipire, ndipo bola akanakalipa. Anawauza mwaulemu kuti apite kaye kunyumba akapume, za mawa adzakambirana mawa. Wailesi anawabweretsera chikwama chawo, maso ali pansi. Palibe anawatchula dzina lililonse.

Kunyumba sanapite. Miyendo inangowatenga m'misewu, dzuwa lili paliwombo, yunifomu ikumata kumsana. Anali asanazindikirepo kuti zigubu za kuntchito kwawo n'zochuluka chotero. Pa ofesi ya matikiti a basi chinalipo. Kwa ometa tsitsi chinalipo, mnyamata wometedwa mbali imodzi akumwa. Kwa osoka zovala, kwa okonza mafoni, ngakhale m'kachipinda ka mlonda wa banki. Chilichonse chinadutsa m'manja mwawo, ndipo pa chilichonse sakanatha kunena kuti ichi n'chabwino kapena ichi n'choipa. Ankaima, kuyang'ana, kupitirira, kubwereranso. Anthu ankawapatuka poganiza kuti mutu sukuyenda bwino.

Anaima pakhomo la sitolo ina ya nsapato. M'katimo munali mayi wachitsikana ndi kamtsikana kake kovala yunifomu ya sukulu ya mkaka, kakuyesa nsapato zakuda. Kamwanako kanati kali ndi ludzu, ndipo mayi ake anapita pakona pamene panali chigubu, anatenga kapu ya pepala, n'kutsegula kampopi. Chigubu chinabwibwitiza thovu lalikulu. Amphuno analowa osadziwa kuti alowa. Ankafuna kunena kanthu, koma anene chiyani? Akati musamwe, afunsidwa chifukwa, ndipo chifukwa chake n'chakuti sakudziwa. Akakhala chete, ndiye chete yemwe uja wawafikitsa pano.

Mayiyo anatembenuka n'kuona munthu wamkulu ali chilili pafupi naye, thukuta lili kamukamu, milomo yosweka, maso ali pa kapu. Anamva chisoni. Anapereka kapu ija kwa mwana wake, anatunga ina, n'kuipereka ndi manja awiri.

"Imwani amayi, kwatentha. Musaope, si a pampopi awa, ndi a m'chigubu."

Amphuno anailandira mwaphuma mpaka madzi ena anatayikira pa nsapato zatsopano zimene zinali pansi. Anamwa onse kamodzi, osapuma, n'kuima kumvetsera lilime, pakhosi, m'mimba, ngati kumeneko kungachokere yankho. Kenako anamugwira mayiyo pamkono n'kumupempha, mawu akutuluka mokanda, kuti mwanayo adikire pang'ono asanamwe, pang'ono chabe, aone kaye ngati iwo awachite kanthu.

Mayiyo anawayang'ana modabwa, kenako anayang'ana mwana wake. Kamtsikanako kanali katamaliza kale, kakupukuta pakamwa ndi mkono, katatambasula kapu kuti akawonjezere ena.